GIRIZI WOYENERA MAGUDUMU A NGOLO

Alimi ambiri amene ali ndi ngolo amasamala ng'ombe zawo bwino lomwe, amayang'ananso goli, zingwe ndi matayala, koma za m'kati mwa gudumu saziganizira kufikira tsiku limene ngoloyo iyamba kulira pa njira. Tsono tsiku limenelo silifika nthawi ya mpumulo ayi. Lifika m'mwezi wa May kapena June, chimanga chili pa mulu ku munda, mabelo a fodya ali kuyembekeza kupita ku msewu kuti lole iwatengere ku okushoni ya ku Limbe. Gudumu likagwira nthawi yotere, mlimi ataya ndalama kawiri: agula bering'i yatsopano, nalipiranso ngolo ya mnzake kuti imtutire mbewu zake. Zonsezi kawirikawiri zichokera pa kanthu kakang'ono, ndiko girizi wosayenera, kapena girizi wabwino amene waloŵa madzi ndi mchenga.

Anthu a ku Thyolo sasoŵa poonera zimenezi. Tiyi anayamba kulimidwa ku Mulanje cha m'ma 1890, nafalikira ku Thyolo pambuyo pake. Esiteti ya Satemwa inakhazikitsidwa ndi Maclean Kay mu 1923, ndipo pali ena monga Conforzi, Naming'omba ndi Makandi. Mu 1967 boma linakhazikitsa Smallholder Tea Authority kuti eni minda ing'onoing'ono nawonso alime mbewuyi. Tiyi achuluka nthawi ya dzinja, kuyambira December kufikira April, ndiye kuti ngolo zokokedwa ndi mathirakitala zigwira ntchito yake yaikulu pamene misewu ya katondo ili matope okhaokha. Ndipo masamba a tiyi sayembekeza munthu. Akathyoledwa ayenera kufika ku fakitale tsiku lomwelo, pakuti akakhalitsa mounjikana atentha, nafiira, naonongeka. Chifukwa chake ngolo ya tiyi siloledwa kufa pa njira, ndipo amakaniko a m'maesiteti sayesa girizi chinthu chamasewera. Mlimi wa chimanga ndi fodya ayenda m'matope omwewo, naoloka timitsinje tomweto. Nzeru imene isunga ngolo ya tiyi idzasunganso yake.

Zimene zili m'kati mwa gudumu

Ngolo zambiri za masiku ano zimapangidwa ndi ekiselo ya galimoto yakale. Pakati pa gudumu pali chitsulo chonga mphika chimene amati habu, ndipo m'kati mwake muli mabering'i awiri, ina kunja ina m'kati. Bering'i iliyonse ili ndi tizitsulo tobulungira tonga zidutswa za choko, tonenepa mbali imodzi, timene tigudubuzika pakati pa mphete ziwiri zachitsulo. Mtundu umenewu anaupeza ndi Henry Timken wa ku St. Louis ku America mu 1898, ndipo nkokondweretsa kudziwa kuti iyeyu sanali wopanga magalimoto, koma mmisiri wa ngolo zokokedwa ndi akavalo, amene anafuna kuti magudumu ake asamadyeke pokhota.

Taganizani tsono. Ngolo itanyamula matumba 10 a chimanga, ndiye makilogalamu 500, osawerengera kulemera kwa ngoloyo. Katundu yenseyo atsamira pa tizitsulo tochepa timeneti, pa malo osaposa chikhadabo. Chimene chiletsa chitsulo kudya chinzake ndi kamafuta kopyapyala koposa tsitsi la munthu. Kamafutako kakachoka, zitsulo zikhulana, zitentha, ndipo potsiriza zimamatirana. Kumbuyo kwa habu kuli mphira wozungulira, amene amakaniko amati silo, ndipo kutsogolo kuli kachivundikiro. Ziwirizi ndizo zitseko za nyumbayo.

Kodi girizi nchiyani?

Ambiri ayesa kuti girizi ndi oyilo wolimba chabe. Si tero. Girizi ndi oyilo wosakanizidwa ndi sopo. Mbali yaikulu, magawo 8 kapena 9 mwa 10, ndi oyilo, ndipo yotsalayo ndi sopo ndi mankhwala ena oletsa dzimbiri. Sopoyo si wochapira ayi. Ntchito yake ndi yonga ya thonje lonyikidwa m'mafuta: agwira oyilo kuti asatayike, namtulutsa pang'onopang'ono pamene bering'i izungulira. Chofewetsa zitsulo ndi oyilo, koma chimene chiweruza ngati girizi adzapirira madzi kapena moto ndi mtundu wa sopo. Apa ndipo pagona nkhani yonse ya kusankha.

Girizi wakale kwambiri ndi wa sopo wa laimu, amene pa chitini alemba kuti calcium. Madzi sawaopa, ndipo mtengo wake ngwotsika. Koma moto saupirira. Mtundu wakalewo uli ndi madzi pang'ono m'kati mwake ogwirizitsa sopo ndi oyilo, ndipo akatentha kufika madigiri 70 kapena 80, madzi aja auma, sopo ndi oyilo nalekana. Kumbukirani kuti madzi a m'mphika awira pa madigiri pafupifupi 100. Ndiye kuti girizi ameneyu agonja madzi asanawire nkomwe.

Wachiwiri ndi wa sopo wa sodium, wokhala ndi ulusiulusi mukamkoka pakati pa zala. Ameneyu apirira moto, ndipo kale ndiye anali kuikidwa m'magudumu a magalimoto. Koma sopo wa sodium ndi mbale wake wa sopo wochapira zovala, nasungunuka m'madzi monga momwemo. Ku dziko la mvula yoposa mamilimita 1,000 pa chaka monga Thyolo, kumene ngakhale nthawi yozizira chiperoni chinyowetsa zonse masiku atatu osaleka, girizi wotere tinene mosabisa kuti alibe malo.

Wachitatu ndi wa lithium, chitsulo chopepuka chomwe chija chili m'mabatire a mafoni. Clarence Earle wa ku America analembetsa girizi ameneyu mu 1942, nthawi ya nkhondo yachiwiri, ndipo anayamba kugwira ntchito m'ndege. Ubwino wake ndi wakuti achita zonse ziwiri: madzi awapirira ndithu, ndipo agwira ntchito bwino kufikira madigiri 120, osasungunuka kufikira pafupi ndi 190. Ndiye girizi wofala koposa onse m'masitolo. Alimi angakondwe kumva kuti sopo wa girizi ameneyu kawirikawiri apangidwa ndi mafuta a nsatsi, zomwe zija zimera zokha m'mphepete mwa mudzi. Ngakhale dzina la oyilo wa Castrol, limene linayamba mu 1909, lichokera ku dzina la nsatsi m'Chingerezi.

Aliponso ena okwera mtengo. Wa lithium complex sasungunuka kufikira madigiri oposa 250. Wa calcium sulphonate apirira moto ndi madzi omwe, ndipo ndi mmodzi wa amene agulitsidwa kwa eni maboti, ndi mawu akuti marine pa chitini.

Madzi kapena moto?

Munthu asanagule adzifunse funso limodzi: kodi gudumu langa liopsedwa ndi chiyani koposa, madzi kapena moto?

Ng'ombe ziyenda makilomita 3 kapena 4 pa ola. Pa liwiro lotere bering'i yabwino sitentha konse, ndipo ngolo zambiri zilibe mabuleki oti nkutenthetsa habu. Mdani wa ngolo ya ng'ombe ndi madzi, matope ndi fumbi. Mwini wake agule girizi wa lithium wamba, ndipo ngati apeza wa calcium wotsika mtengo, ameneyonso amkwanira. Kugula wa lithium complex kuti muike m'ngolo ya ng'ombe si kulakwa, koma ndi kulipira moto umene simudzauona. Ndalama yotsalayo ingagule silo yatsopano, imene idzakuthandizani koposa.

Ngolo ya thirakitala ili pakati. Iyenda makilomita 20 kapena 25 pa ola, inyamula matani angapo, niima m'matope tsiku ndi tsiku. Imeneyi ifuna wa lithium wokhala ndi zilembo EP, zimene zitanthauza kuti muli mankhwala opirira katundu wolemera.

Koma ngolo yokokedwa ndi galimoto pa msewu wa tala ndi nkhani ina. Ena a inu mubwereka ngolo zotere kutengera fodya kapena feteleza, ndipo mwaonanso ngolo zogonamo zimene alendo ochokera ku South Africa akoka podzaona minda ya tiyi ndi phiri la Mulanje. Magudumu ake ndi aang'ono, chotero azungulira kambiri koposa a galimoto yoikokayo. Ndipo ngati ili ndi mabuleki, moto wonse wa mabulekiwo uloŵa m'habu. Aliyense amene anatsikapo msewu wa ku Thekerani kunka ku Muona, kapena chitunda cha Thabwa kunka ku Chikwawa, adziwa fungo la mabuleki otentha. Pa zitunda zotere girizi wa calcium wakale asungunuka monga batala pa chiwaya, natuluka, nanyowetsa mabuleki omwewo. Pamenepo ngozi siikhalanso ya bering'i yokha, koma ya moyo wa anthu okwera ndi oyenda pansi. Ngolo yotere iyenera girizi wa lithium complex, kapena wina wolembedwa poyera kuti ngwa magudumu othamanga.

Pali chinthu china chimene ambiri sachidziwa. Habu yotentha ikaloŵa mwadzidzidzi m'madzi ozizira, mpweya wa m'kati mwake ufinyika, ndipo habuyo iyamwa madzi kudzera pa silo monga mwana ayamwira. Chifukwa chake mukatsika chitunda ndi kupeza mtsinje wosefukira pansi pake, imani pang'ono kuti magudumu azizire musanaoloke.

Werengani chitini, musayang'ane mtundu

M'misika mumveka mawu akuti girizi wofiira ndiye wamphamvu, wachikasu ndiye wachabe, wobiriwira ndiye wa m'madzi. Mawu ameneŵa musawakhulupirire. Mtunduwo ndi utoto umene opanga athira monga afunira, ndipo makampani awiri angathe kugulitsa girizi wofiira wosiyana kotheratu. Choona chili pa zolemba za pa chitini.

Poyamba funani dzina la sopo. Kenaka funani nambala. Bungwe la ku America lotchedwa National Lubricating Grease Institute, limene linayamba mu 1933, linaika nambala zoyesera kulimba kwa girizi, kuyambira 000 kufikira 6. Wa 000 ndi wamadzimadzi monga phala la mwana, wa 6 ndi wolimba monga sopo wamtanda. Woyenera magudumu ndi nambala 2, wolimba monga chiponde. Pa chitini mudzaona NLGI 2. Wofewa koposa apo atuluka pa silo, ndipo wolimba koposa akankhidwira pambali ndi tizitsulo tija osabwereranso, bering'i niyenda youma girizi ali pompo. Zitini zina zili ndi zilembo GC-LB. Zilembo GC zinena kuti girizi anayesedwa napezeka woyenera magudumu otentha ndi mabuleki. Mwini ngolo ya pa tala akaziona zilembozi agule mosakayika.

Mtundu umodzi wokha ndiwo unena zoona, ndiwo wakuda motuwa wa girizi amene amati moly. Ameneyu ndi wabwino pa zitsulo zokhulana, monga pini yokokera ngolo ndi mapini a pulawo ya thirakitala, koma m'magudumu othamanga si malo ake.

Nanga girizi wa m'timapepala ta pulasitiki, wogulitsidwa pa mulu mu msika wa Luchenza kapena Bvumbwe? Wina angakhale wabwino ndithu, wochotsedwa m'mgolo waukulu. Koma alibe dzina, alibe nambala, ndipo wakhala pa fumbi. Ngati chitini chathunthu chikulemerani, gwirizanani anthu atatu kapena anayi a m'kalabu imodzi, mugule chimodzi chodziwika, mugawane. Chitini cha magalamu 500 chikwanira magudumu awiri a ngolo, nkutsalako wa njinga.

Za kusakaniza

Cholakwa chofala ndi ichi: munthu atsegula kachivundikiro, aona girizi wachepa, nangowonjezera wina aliyense amene ali naye. Tsono masopo ena sagwirizana. Wa lithium akasakanizika ndi wa sodium, kapena ndi wina wamakono wotchedwa polyurea, zotsatira zake kawirikawiri ndi phala lofewa losagwira oyilo, limene lisungunuka msanga koposa aliyense wa awiriwo payekha. Popeza ekiselo ya ngolo yanu inachokera ku galimoto imene simuidziwa mbiri yake, simungadziwenso girizi amene ali m'katimo. Chotero nthawi yoyamba chotsani yense, tsukani, muike wanu. Kuyambira pamenepo gulani mtundu womwewo chaka ndi chaka, ndipo lembani dzina lake m'buku lanu la za munda.

Ena athira oyilo wakuda wochotsedwa mu injini, popeza apezeka chabe ku garaja. Oyilo ameneyo ali ndi mwaye, tizidutswa ta chitsulo ndi asidi, ndipo popeza alibe sopo womgwira atuluka tsiku lomwelo. Mafuta a nyama avunda, naitana nyerere ndi agalu. Kumene kuli ngolo zakale zoyenda pa mtengo wolimba woboola m'malo mwa bering'i, mafuta a nsatsi athandiza ndithu akamathiridwa kawirikawiri, koma m'bering'i yachitsulo amata nauma monga ulimbo.

Kapakidwe kake

Girizi wabwino woikidwa mwauve saposa woipa. Ntchitoyi muichite pa malo osesa, tsiku lopanda mphepo, mutayala thumba loyera pansi. Tukulani ngolo, muichirikize ndi chipika cholimba. Musaloŵetse dzanja pansi pa ngolo yoimira pa jeke yekha kapena pa njerwa zosanja. Chotsani kachivundikiro, pini, nati ndi washala, muziike mu mndandanda monga mwazichotsera. Bering'i ya kumanja isasinthane ndi ya kumanzere, pakuti iliyonse yazolowerana ndi mphete yake.

Musanatsuke, yambani mwayang'ana girizi wakaleyo, chifukwa ali ndi zambiri zokuuzani. Akakhala woyera monga mkaka, mwaloŵa madzi, ndipo silo yatha. Akamalumaluma pakati pa zala, ndi mchenga. Mukaona tonyezimira m'kati mwake, chitsulo chayamba kudyeka. Akauma nada monga phula, ndiye kuti anapsa.

Tsukani zonse m'parafini, osati m'petulo, amene agwira moto msanga. Ziume bwino, pakuti parafini wotsalira asungunula girizi watsopano. Tsono yang'anani tizitsulo tija ndi mphete pa kuwala. Zikakhala ndi timaenje, mizere ya dzimbiri, kapena zasanduka zamtambo chifukwa cha moto, palibe girizi angazichiritse. Tengani bering'i yakaleyo ku sitolo, pakuti nambala yake yalembedwa m'mphepete, ndipo mugule pamodzi ndi mphete yake. Bering'i yatsopano pa mphete yakale sikhalitsa. Mabering'i ena amakono abwera otsekedwa mbali zonse, girizi ali kale m'kati. Amenewo satsegulidwa, akatha angosinthidwa.

Popaka, sambani m'manja, ikani girizi wonga dzira pa chikhatho, ndipo kanikizani bering'i pa iye, mbali yotambalala ili pansi, monga mukupala. Chitani chomwecho mozungulira kufikira girizi atulukire mbali ya pamwamba pakati pa tizitsulo tonse. Kupaka kunja kokha nkosathandiza, afunika m'kati. M'mimba mwa habu pakani ndithu, koma musadzaze. Apa ambiri alakwa poyesa kuti wochuluka ndiye wabwino. Habu yodzaza thothotho itakasa girizi monga mthiko m'nsima, nitentha, ndipo girizi wofutukukayo akankha silo naitulutsa. Theka la malowo likwanira, ndipo kwa ngolo ya pa tala kuchepera apo. Ngolo ya ng'ombe yoyenda m'madzi kawirikawiri ingalandire wochulukirapo pang'ono, popeza siithamanga.

Silo ikhale yatsopano nthawi iliyonse imene mwaichotsa. Kachivundikiro kakatayika, musayende habu ili yasa. Ngakhale chitini chaching'ono chodulidwa ndi kukhomedwa bwino chithandiza kufikira mutapeza kena.

Pomanga nati, mangani ndi sipanala uku muli kuzunguza gudumu, kuti mabering'i akhale m'malo mwake. Kenaka masulani, mumangenso ndi zala zokha, ndi kubweza pang'ono kufikira bowo la pini lionekere. Gudumu lizungulire momasuka, ndipo mukaligwedeza ndi manja awiri lisagogode. Nati yothina ipsereza bering'i ngakhale girizi akhale wa mtengo wotani. Pini ikhale yatsopano. Msomali wopinda umene ambiri aikapo uthyoka, ndipo gudumu lituluka ngolo ili pa ulendo.

Mutayenda makilomita angapo, imani, mukhudze habu iliyonse ndi kumbuyo kwa dzanja. Kufunda pang'ono si kanthu. Koma imodzi ikatentha koposa inzake, kapena dzanja likalephera kukhalapo, bwererani ku nati ija.

Nthawi yake

Ife tiyesa kuti ngolo ya ng'ombe itsegulidwe kawiri pa chaka. Koyamba mu October, mvula isanagwe, kuti iloŵe dzinja ndi girizi watsopano ndi silo yolimba potuta feteleza ndi manyowa. Kachiwiri mu April, mvula italeka, kuti madzi amene analoŵa achotsedwe kukolola kusanayambe. Kwachiwiriku ndiko kofunika koposa, pakuti madzi ogona m'habu ya ngolo yoima achita dzimbiri msanga koposa m'ngolo yoyenda. Ngolo ya pa tala itsegulidwe kamodzi pa chaka, ndiponso nthawi iliyonse imene magudumu amira m'madzi kufikira pa habu.

Chitini chikhale chotseka, pa mthunzi, ndipo potapa gwiritsani kathabwa koyera, osati kamtengo kotola pansi. Musachisunge m'chigafa, m'shedi yosankhiramo fodya kapena m'nkhokwe. Fodya ndi tiyi ziyamwa fungo la mafuta mofulumira, ndipo belo lodetsedwa ndi girizi kapena lonunkha parafini ogula alikana kapena alitsitsa mtengo. Amene wapaka magudumu m'mawa asambe ndi sopo asanagwire masamba, ndipo thumba lija munayala pansi lisabwererenso ku zokutira mabelo.